Zolemba za ntchito yopanga erythropoietin m'maselo a mitundu iwiri

Sabata yoyamba

Ndayamba zolembazi kuti aliyense amene adzapitirize ntchitoyi adzadziwe zimene tinachita, zimene zinakanika, ndiponso chifukwa chimene tinasinthira njira pamene tinasintha. Cholinga chathu n'chosavuta kuchifotokoza. Tikufuna kutenga jini imodzi ya munthu, kuiika m'maselo a mitundu iwiri yosiyana kwambiri, kenako n'kuyerekezera mapuloteni amene atulukemo. Mtundu woyamba ndi mabakiteriya otchedwa Escherichia coli (mwachidule E. coli), ndipo wachiwiri ndi maselo a CHO, amene anachokera m'thumba la mazira la kanyama kotchedwa Chinese hamster ndipo anayamba kuwetedwa m'labotale ya Theodore Puck mu 1957. Jini ikanakhala kuti imanena zonse zokhudza puloteni, zotuluka mbali ziwirizi zikanayenera kufanana. Tikudziwa kale kuti sizifanana, koma tikufuna tione ndi maso athu pamene pagona kusiyanako.

Puloteni imene tasankha ndi erythropoietin, imene ambiri amangoitchula kuti EPO. Mwa munthu wamkulu imapangidwa makamaka mu impso, ndipo ntchito yake ndi kulamula mafuta a m'mafupa kuti apange maselo ofiira a magazi. Mwana akakhala adakali m'mimba, chiwindi ndi chimene chimaipanga kwambiri. Inayeretsedwa koyamba mu 1977 ndi gulu la Eugene Goldwasser ku Chicago mothandizana ndi Takaji Miyake wa ku Japan, kuchokera mumkodzo wa odwala amene mafupa awo anali atasiya kupanga magazi. Jini yake inapezeka mu 1985, ndipo pofika 1989 puloteniyi inali itavomerezedwa ku United States ngati mankhwala a anthu odwala impso amene magazi awachepera.

Chimene chatikopa kwambiri pa puloteniyi ndi masamu ake, chifukwa sagwirizana ukangowerenga jini yokha. Jiniyo imalemba ma amino acid 193, timagawo timene timalumikizana ngati chingwe n'kupanga puloteni, koma EPO yoyenda m'magazi ili ndi 165 okha. Oyambirira 27 amadulidwa chingwe chikadali kupangidwa, ndipo amino acid wa kumapeto, arginine, amene akanakhala wa nambala 166, naye amachotsedwa. Ma amino acid 165 otsalawo akaphatikizidwa amalemera pafupifupi 18 kDa (kDa, kapena kilodalton, ndi muyezo wa kulemera kwa mamolekyu), pamene puloteni yathunthu imalemera pafupifupi 30 kDa. Kulemera kowonjezerako ndi shuga, amene amatenga magawo pafupifupi 40 pa 100 alionse a puloteniyo, ndipo palibe malo alionse m'jini pamene shuga ameneyu walembedwa. Ntchito yathu yonse yagona pa 12 kDa imeneyi.

Sabata yachiwiri

Sabata ino yatha ndi kukonza DNA ya mitundu iwiri, ndipo ndikufuna kulemba bwinobwino chifukwa chake sitikanagwiritsa ntchito DNA imodzi m'maselo onse awiri, popeza wina angadzaone ngati tinakondera mbali imodzi kuyambira pachiyambi.

Selo likafuna puloteni, limayamba lakopera jini kuchoka mu DNA kupita mu molekyu ya RNA yonyamula uthenga yotchedwa mRNA, ndipo mRNA imeneyi ndi imene imawerengedwa ndi ribosome, makina a selo olumikiza ma amino acid. Kuwerengako kumachitika zilembo zitatuzitatu, ndipo gulu lililonse la zilembo zitatu limatchedwa codon. Ma codon onse alipo 64: mwa amenewa, 61 amaimira ma amino acid 20, ndipo atatu, UAA, UAG ndi UGA, amauza ribosome kuti ilekeze pomwepo. Woyamba kudziwika tanthauzo lake anali UUU, pamene Marshall Nirenberg ndi Heinrich Matthaei anasonyeza mu 1961 kuti RNA ya zilembo U zokhazokha imatulutsa chingwe cha phenylalanine yekhayekha. Amene amanyamula ma amino acid kupita nawo ku ribosome ndi timamolekyu totchedwa tRNA, ndipo kalikonse kamasenzetsedwa amino acid wake ndi enzayimu yakeyake, ndiye kuti puloteni yofulumizitsa ntchito inayake m'selo. Kunena zoona, kumasulira kwenikweni kumachitikira pa maenzayimu osenzetsawa, chifukwa ribosome siyang'ana katundu amene tRNA yanyamula. Imangoona ngati zilembo zitatu za tRNA zagwirizana ndi codon, kenako n'kulumikiza chimene chabweracho kuchingwe. Mbali ya ribosome imene imalumikizayo ndi ya RNA, zimene zinaonekera poyera Venkatraman Ramakrishnan, Thomas Steitz ndi Ada Yonath atafotokoza mmene ribosome inamangidwira, ntchito imene analandira nayo mphoto ya Nobel mu 2009.

Mpaka apa, bakiteriya ndi selo la nyama zimachita mofanana. Kusiyana kumayambira pa mmene ribosome imapezera poyambira. Ribosome ya bakiteriya, ya 70S, imakakamira pakachigawo ka mRNA kotchedwa Shine-Dalgarno, kamene kamakhala patsogolo pang'ono pa AUG, codon yoyambira. Ribosome ya selo la nyama, ya 80S, imatumiza kaye chigawo chake chaching'ono cha 40S kunsonga ya mRNA, ndipo chimayenda chikufufuza mpaka chitapeza AUG wozunguliridwa ndi zilembo zoyenera, zimene Marilyn Kozak anazifotokoza. Choncho DNA iliyonse taipatsa chizindikiro chimene ribosome yake imamva.

Tasinthanso zinthu zina ziwiri mu DNA ya mabakiteriya. Tachotsa ma amino acid 27 oyambirira aja, chifukwa ndi chizindikiro cholozera kuchipinda chimene bakiteriya alibe, ndipo tasintha ma codon a arginine a AGA ndi AGG n'kuika ena a tanthauzo lomwelo, popeza E. coli ili ndi tRNA yochepa yowerenga awiriwa ndipo ribosome imatha kuima n'kumadikira. Mbali zonse ziwiri tagwiritsa ntchito DNA yokoperedwa kuchokera ku mRNA yomalizidwa kale, chifukwa jini ya EPO ili ndi zigawo zinayi za pakati zimene selo la munthu limadula n'kutaya, ndipo bakiteriya satha kuchita zimenezo.

Sabata yachitatu ndi yachinayi

Mabakiteriya sanachedwe. Zinthu zikawayendera bwino amagawikana pa mphindi 20 zilizonse, ndipo ribosome yawo imalumikiza ma amino acid 15 mpaka 20 pa sekondi imodzi. Titathira IPTG, mankhwala amene amatsegula jini yathu, tinadikira maola angapo, kenako tinaphwanya maselo n'kuyendetsa zotulukazo pa gel imene imasiyanitsa mapuloteni malinga ndi kukula kwawo. Panaoneka mzere umodzi wochindikala, wakuthwa bwino m'mbali mwake, cha pa 18 kDa, ndendende pamene masamu a jini ananena.

Chisangalalo chake chinali cha tsiku limodzi. Titazunguza madziwo m'makina a centrifuge kuti tilekanitse zosungunuka ndi zosasungunuka, mzere wathu wonse unapezeka m'zimene zinadikha pansi pa chubu, kachibulumwa koyera mombuwirira, ndipo m'madzi a pamwamba munalibe chilichonse chooneka. Ndinabwerera ku maikulosikopu kukayang'ana mabakiteriya amene tinasunga osaphwanya, ndipo ambiri anali ndi kadontho kowala kunsonga kwawo, ena kunsonga zonse ziwiri. Timadontho timeneti ndi puloteni yathu itaunjikana n'kumatirirana isanapindike bwino.

Chifukwa chake chikumveka. EPO yopindika bwino imamangidwa ndi milatho iwiri ya sulfure, wina pakati pa amino acid wa cysteine wa nambala 7 ndi wa 161, wina pakati pa wa 29 ndi wa 33. Mlatho woyambawo umagwirizanitsa mutu ndi mchira wa chingwe chonse. M'kati mwa E. coli, mmene ribosome imatulutsira chingwe, muli maenzayimu amene amamasula milatho yotereyi ikangoyamba kupangika. Kuwonjezera apo, mbali za puloteni zimene zimadana ndi madzi, zimene m'selo la nyama zikanaphimbidwa ndi nthambi za shuga, zimakhala pamtetete, ndipo zikakumana ndi zinzake zimamatirirana.

Christian Anfinsen, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1972, anasonyeza ndi enzayimu ya ribonuclease kuti mndandanda wa ma amino acid uli ndi uthenga wokwanira woti chingwe chipindike chokha. Potsatira mfundo imeneyi, tinasungunula chibulumwa chija mu guanidine wamphamvu kuti zingwe zonse ziwongoke, kenako tinayamba kuchepetsa mphamvu ya guanidine kuti zipindikenso. Ulendo woyamba ndinapupuluma. Ndinathira zonse nthawi imodzi m'madzi opindira, ndipo pasanathe mphindi imodzi madziwo anachita mbuu, kusonyeza kuti zingwe zakumananso zisanapeze maonekedwe ake. Ulendo wachiwiri tinadontheza pang'onopang'ono pamalo ozizira, madzi akutakasidwa usiku wonse, titaikamo glutathione wa mitundu yake iwiri kuti milatho yolakwika izitha kumasuka n'kumangidwanso. Mbali ina inadikhabe, koma tapeza yosungunuka yokwanira kuyesera. Maganizo anga ndi akuti mfundo ya Anfinsen ndi yoona pa molekyu imodzi imene ili payokha, koma m'chubu modzaza zingwe mamiliyoni osawerengeka, chingwe chilichonse chimapikisana pakati pa kudzipeza chokha ndi kugwidwa ndi chinzake, ndipo n'chifukwa chake selo limasunga mapuloteni operekeza, otchedwa ma chaperone.

Sabata yachisanu

Palibe zambiri zolemba. Mabotolo awiri a maselo a CHO tinawapeza m'mawa madzi ake atasanduka achikasu ndiponso avundu, m'malo mokhala ofiirira ndi oyera bwino, kutanthauza kuti mwalowa mabakiteriya. Tinataya onse awiri, tinatsuka incubator yonse, ndipo tinasungunula kabotolo kena kuchokera mu nitrogen wamadzi. Kuyambira lero, munthu amene wagwira E. coli salowa m'chipinda cha CHO tsiku lomwelo.

Sabata yachisanu ndi chiwiri

Maselo atsopano akula bwino pa madigiri 37, ndipo patatha masiku atatu titaikamo DNA tinatunga madzi amene amakuliramo, popeza EPO ya mbali ino imayenera kutulutsidwa kunja kwa selo. Chifukwa choti puloteni yathu ndi yochepa poyerekeza ndi ena ambiri amene ali m'madzimo, tinasamutsira zonse za pa gel papepala lapadera n'kufufuza ndi antibody, puloteni yozindikira ndi kumamatira EPO yokha.

Pa 18 kDa panalibe kanthu. Chimene chinaoneka chinali pamwamba ndithu, kupitirira 30 kDa, ndipo sunali mzere ayi, chinali chibanga chotambalala chopanda malire enieni, ngati inki imene yafalikira papepala lonyowa. Ndiyenera kuvomereza kuti ndinaona ngati ndalakwitsa. Ndinakonza gel ina, ndinasintha madzi oyendetsera, ndinachepetsa zimene ndinathira m'kadzenje kalikonse, ndipo chibangacho chinabweranso maulendo atatu pamalo omwewo. Mkulu wa labotale yathu ataona zithunzi zitatuzo anangondifunsa kuti, "Kodi inu mumayembekezera kuti mamolekyu onsewa akhale ofanana chifukwa chiyani?" Funso limeneli linandibwezera ku njira imene chingwe chimayenda m'selo la nyama, ndipo ndiilemba pano mokwanira chifukwa zoyesa zonse zotsatira zichokera pamenepa.

Ma amino acid 27 oyambirira akangosuzumira kunja kwa ribosome, amagwidwa ndi molekyu yotchedwa SRP, imene imachedwetsa kuwerenga n'kukokera ribosome yonse kukhoma la endoplasmic reticulum, chipinda cha makwinyamakwinya chimene timangochitchula kuti ER. Kumeneko chingwe chimalowetsedwa pakabowo kotchedwa Sec61 kwinaku chikupitiriza kupangidwa, ndipo enzayimu ina imadula chizindikiro chija n'kuchisiya. Günter Blobel ndi amene anatsimikizira, mu 1975 pamodzi ndi Bernhard Dobberstein, kuti mapuloteni amanyamula okha chizindikiro cha kumene akupita, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1999. Ribosome ya selo la nyama imayenda pang'onopang'ono, ma amino acid asanu kapena asanu ndi mmodzi pa sekondi, komabe chingwe chonse cha EPO chimatha pasanathe mphindi imodzi. Zimene zimatenga nthawi yaitali ndi zotsatira zake.

M'kati mwa ER muli enzayimu imene imadikirira pafupi ndi kabowo kaja, ndipo ikaona asparagine wotsatiridwa ndi amino acid wina aliyense kupatula proline, kenako serine kapena threonine, imamatapo nthambi yathunthu ya mashuga 14: glucose atatu, mannose asanu ndi anayi, ndi N-acetylglucosamine awiri. Pa EPO malo otere alipo atatu, pa nambala 24, 38 ndi 83. Nthambi imeneyi imagwiranso ntchito ngati chiphaso. Glucose awiri akadulidwa, mmodzi wotsalayo amachititsa kuti puloteni igwidwe ndi operekeza awiri, calnexin ndi calreticulin, pamene enzayimu ya PDI ikumanga milatho ya sulfure ija ndi kukonza imene yalakwika. Imene yapindika bwino imaloledwa kupita patsogolo, imene sinathe imabwezeredwa glucose n'kuyambanso, ndipo imene yakanikiratu imatulutsidwa m'chipindamo kukaphwanyidwa. Ntchito imene inatitengera usiku wonse ndi guanidine, ndipo theka n'kutayika, selo limaichita ndi zipangizo zimenezi.

Kuchoka apo puloteni imanyamulidwa m'timatumba kupita ku Golgi, njira imene George Palade ndi James Jamieson anailondola m'zaka za m'ma 1960 pogwiritsa ntchito maselo a kapamba. Mu Golgi, mannose ambiri amasadzidwa, ndipo pachitsa chotsalacho pamamera timphanda tiwiri, titatu kapena tinayi, kalikonse kokhala ndi mashuga a N-acetylglucosamine, galactose, ndipo kunsonga kwake sialic acid. Nthambi ina yaifupi imaikidwa pa serine wa nambala 126. Apa ndi pamene pali yankho la chibanga chathu. Kupanga chingwe cha ma amino acid kumatsatira mRNA chilembo ndi chilembo, koma kumanga nthambi za shuga kulibe cholembedwa chilichonse chotsatira. Kumadalira maenzayimu amene molekyu yakumana nawo podutsa, kuchuluka kwa shuga amene analipo nthawi imeneyo, ndi nthawi imene yakhala m'chipinda chilichonse. Molekyu ina imatuluka ndi timphanda tinayi pa nthambi iliyonse, tonse tovala sialic acid, yokwana 14 pa molekyu yonse ikadzaza, pamene inzake imatuluka ndi timphanda titatu, kena kopanda chovala. Chibangacho ndi mizere yambirimbiri yoyandikana kwambiri moti gel yathu singathe kuilekanitsa.

Sabata yachisanu ndi chitatu

Kufotokoza kwa sabata yatha kunafunika umboni, choncho tinayesa m'njira zitatu.

Poyamba tinagwiritsa ntchito PNGase F, enzayimu imene imadula nthambi yonse pamene yalumikizana ndi asparagine, ndipo podulapo imasandutsa asparagine kukhala aspartic acid. Titaisiya usiku wonse, chibanga chija chinasoweratu, ndipo m'malo mwake munabwera timizere tiwiri takuthwa toyandikana kwambiri pansi pa gel. Kam'munsi kanali pafupifupi mulingo umodzi ndi EPO ya mabakiteriya imene tinaika m'kadzenje koyandikana nako, ndipo kapamwamba kanakwera pang'ono. Tikuona kuti kapamwambako ndi mamolekyu amene adakali ndi nthambi yaifupi ya pa serine 126, imene PNGase F siikhudza, ndipo kam'munsiko ndi amene sanalandire nthambiyo n'komwe. Chithunzi chimene chinandisangalatsa kuposa zonse chinachokera m'chubu chimene tinathiramo enzayimu yochepa n'kuimitsa msanga. Panatuluka makwerero a masitepe anayi, oimira mamolekyu otsala ndi nthambi zitatu, ziwiri, imodzi, ndi opanda nthambi. Munthu amene sanaonepo mndandanda wa ma amino acid a EPO akhoza kuwerenga papepala limeneli kuti malo omatapo shuga ndi atatu.

Kachiwiri tinagwiritsa ntchito Endo H, imene imadula nthambi zokhazo zimene zidakali ndi mannose wambiri, ndiye kuti zimene sizinakonzedwe mu Golgi. EPO ya m'madzi a kunja sinasunthe ngakhale pang'ono, koma imene tinaitenga m'kati mwa maselo inatsika. Zimenezi zikusonyeza kuti yambiri imene timaipeza m'kati imakhala idakali mu ER, ndipo ikangofika ku Golgi sichedwanso kutuluka.

Kachitatu tinathira tunicamycin pa maselo amoyo, mankhwala amene amatsekereza sitepe yoyamba yomangira nthambi ya mashuga 14 ija. EPO yotuluka kunja inachepa kwambiri, ndipo m'kati mwa maselo munaoneka mzere waufupi wopanda shuga. Zotsatirazi sindikuzidalira kwenikweni, chifukwa tunicamycin imakhudza mapuloteni onse odutsa mu ER, ndipo pofika m'mawa maselo ambiri anali atakhwinyata n'kuyamba kuyandama. N'zovuta kulekanitsa vuto la EPO yokha ndi vuto la selo limene likudwala. Tidzabwereza ndi mlingo wochepa kwa maola ochepa, komanso tidzasintha asparagine mmodzimmodzi kukhala glutamine mu DNA momwemo, kuti malo omatapo atsekeke popanda kuvulaza selo lonse.

Sabata ya khumi

Funso lotsala linali lakuti, kodi EPO ziwirizi zimagwira ntchito? Tinagwiritsa ntchito maselo a TF-1, ochokera kwa munthu, amene ali ndi cholandirira cha EPO pakhungu lawo. EPO ikamangirira pacholandiriracho, enzayimu ya JAK2 imene ili kumbali ya m'kati imadzuka n'kuyamba kumata phosphate pa amino acid wa tyrosine, choyamba pa iyo yomwe ndi pacholandirira, kenako pa puloteni ya STAT5, imene imalowa pakati pa selo kukatsegula majini. Kumata phosphate nakonso ndi kusintha puloteni imene yapangidwa kale, koma n'kosiyana ndi kumata shuga chifukwa kumachitika m'mphindi zochepa ndipo kumafufutika. Edmond Fischer ndi Edwin Krebs anakutulukira m'zaka za m'ma 1950 pofufuza enzayimu ya m'minofu yophwanya glycogen, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1992.

Kufufutika kumeneku n'kumene kunatigwetsa ulendo woyamba. Pepala linatuluka loyera, popanda chizindikiro cha STAT5 ya phosphate m'kadzenje kalikonse, ngakhale ka EPO yogula imene timadziwa kuti ndi yabwino. Nditawerenganso zimene ndinasakaniza m'madzi ophwanyira maselo, ndinapeza kuti ndinaiwala sodium orthovanadate. Selo likaphwanyika, maenzayimu ochotsa phosphate amapitiriza ntchito yawo m'chubu momwemo, ndipo akapanda kutsekerezedwa amafufuta umboni wonse munthu asanafike n'komwe pa gel. Ulendo wachiwiri tinaikamo mankhwalawo ndipo zonse tinachitira pa ayezi.

Zotsatira zake zikhoza kusokoneza munthu amene wawerenga zolembazi mothamanga: EPO zonse ziwiri zinadzutsa STAT5. Ya mabakiteriya, yopanda shuga ngakhale mmodzi, inagwira ntchito m'mbale. Choncho shuga si amene amatsegula cholandirira, ndipo n'zodziwika kale kuti EPO yochotsedwa sialic acid imamangirira pacholandirira mwamphamvu kuposa yovala mokwanira. Phindu la shuga limaonekera m'thupi, kumene mbale yathu singafikeko. Sialic acid ikachoka, galactose wa pansi pake amakhala poonekera, ndipo chiwindi chili ndi cholandirira chimene Gilbert Ashwell ndi Anatol Morell anachitulukira, chimene chimagwira mapuloteni otere n'kuwachotsa m'magazi m'mphindi zochepa, asanafike n'komwe kumafuta a m'mafupa. Opanga mankhwala anatsatira mfundo yomweyi mobwerera pamene anasintha ma amino acid asanu a EPO kuti pakhale malo ena awiri omatapo nthambi. Mankhwalawo, darbepoetin alfa, anavomerezedwa mu 2001, ndipo ngakhale amamangirira mofooka pacholandirira, amakhala m'magazi nthawi yotalika pafupifupi katatu. Taonanso chinthu china chaching'ono koma chothandiza: EPO ya mabakiteriya inayamba kudikha itakhala masiku angapo m'firiji, pamene ya CHO idakali yosungunuka bwinobwino.

Sabata ya khumi ndi chimodzi

Pokonzekera lipoti ndinawerenganso za mmene impso imadziwira nthawi yopanga EPO, ndipo ndaganiza zoikamo ndime imodzi ngakhale sitinayese zimenezi, chifukwa nayonso ndi nkhani ya kusintha puloteni itapangidwa kale. Selo limapanga puloteni ya HIF-alpha nthawi zonse. Okosijeni akakhala wokwanira, maenzayimu ena amamugwiritsa ntchito kumata gulu la hydroxyl pa proline awiri a puloteniyo, ndipo chizindikiro chimenechi chimakopa puloteni ya VHL, imene imachititsa kuti HIF-alpha imangiriridwe ubiquitin, kapuloteni ka ma amino acid 76, n'kukaphwanyidwa mu proteasome, makina a selo ophwanya mapuloteni. Okosijeni akachepa, hydroxyl samatidwa, HIF-alpha imapulumuka n'kuchuluka, ndipo imakatsegula jini ya EPO. William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza analandira mphoto ya Nobel mu 2019 chifukwa cha kufotokoza zimenezi.

Pali zinthu ziwiri zimene sitinathe kuziona ndi zipangizo zimene tagwiritsa ntchito mpaka pano. Choyamba ndi arginine wa nambala 166. Kulemera kwake n'kochepa kwambiri moti gel singasonyeze ngati maselo athu a CHO amuchotsa, ndipo singasonyezenso ngati EPO ya mabakiteriya idakali ndi amino acid woyambira, methionine, amene tinachita kuwonjezera patsogolo pa alanine, amino acid woyamba wa EPO. Zonse ziwirizi zikufuna makina a mass spectrometer, oyeza kulemera kwa mamolekyu molondola kwambiri, ndipo tasunga timachubu tiwiri ta mbali iliyonse pa madigiri 80 pansi pa ziro podikira mpata wa makinawo.

Chachiwiri ndi kulekanitsa chibanga chija. Popeza sialic acid iliyonse imawonjezera mphamvu ya magetsi ya negativi pa molekyu, tigwiritsa ntchito gel yosiyanitsa mapuloteni malinga ndi mphamvu imeneyi m'malo mwa kukula, ndipo tikuyembekezera kuti chibangacho chigawika kukhala mizere ingapo yooneka payokhapayokha. Njira imeneyi ndi imene Françoise Lasne ndi Jacques de Ceaurriz anafalitsa mu 2000 yozindikirira EPO yobayidwa mumkodzo wa ochita masewera: chingwe cha ma amino acid ndi chimodzimodzi, koma maselo a CHO savala nthambi zake mofanana ndi impso ya munthu, mwa zina chifukwa amalumikiza sialic acid m'njira ya alpha-2,3 yokha, pamene maselo a munthu amagwiritsanso ntchito ya alpha-2,6. Tidzayerekezera madzi otungidwa pa tsiku lachitatu ndi otungidwa pa tsiku lachisanu ndi chiwiri m'botolo lomwelo, chifukwa ndikukayikira kuti maselo akakalamba ndipo ena akayamba kufa, maenzayimu otayikira m'madzimo amabudula sialic acid imene inaikidwa kale. Zikakhala choncho, tisintha tsiku lotunga tisanayambe kuyesa DNA zitatu za glutamine, zimene zakonzedwa kale ndipo zikudikira kutsimikiziridwa mndandanda wake.